Funso la Notcutt likadalipo

Mu 1935, Leslie Notcutt ndi Geoffrey Latham anayambitsa Bantu Educational Kinema Experiment. Latham anali atayang’anirapo maphunziro a anthu akuda mu Northern Rhodesia. Mafilimu awo ankajambulidwa ku Tanganyika, n’kumayendetsedwa pa lole mpaka kuno kwathu, kuphunzitsa makolo athu kulipira msonkho ndi kusunga ndalama ku positi ofesi. Funso lawo linali lakuti: kodi Mwafirika afunika filimu yotani? Ntchitoyo inatha mu 1937, koma mu 1948 Central African Film Unit inaitolanso ku Salisbury.

Oonerawo anali ndi zokonda zawo. Hortense Powdermaker atafika ku Luanshya mu 1953, anapeza anthu a m’migodi akukuwa ndi chimwemwe poona nkhonya za m’mafilimu a cowboy. Nafenso ku Nangongwe m’zaka za m’ma 1990, mafakitale a Kafue akufooka, tinkapanikizana m’tinyumba ta vidiyo kuonera Bruce Lee, popanda wotisankhira.

N’chifukwa chake ndimaseka chamumtima azungu opanga mafilimu akandifunsa funso lomweli pa zikondwerero za mafilimu ku Lusaka. Amafunsa ndi mtima wabwino, ena mpaka kulemba m’kabuku. Wina wa ku France anandisimbira mmene anaonera I Am Not a Witch ya Rungano Nyoni, mwana wobadwira ku Lusaka, ku Cannes mu 2017. Ndinamufunsa kuti filimuyo ingafike bwanji ku Nangongwe. Anati zimenezo n’za amalonda.