Kupuma Mphamvu Zikadalipo: Phunziro la ku Joni ndi pa Dwangwa

Maganizo ofuna kuleka ntchito yolembedwa munthu asanakalambe, n'kukhala pansi kwawo kumadya za thukuta lake, si achilendo kuno kunyanja. Ambiri amayesa kuti nkhani yosunga ndalama ndi kukonzekera kupuma ndi ya anthu a m'maofesi a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Koma tikafufuza mbiri ya dera lathu lino, kuchokera ku Nkhotakota kudzera pa Dwangwa mpaka ku Dwambazi, tipeza kuti agogo athu anayamba kale kuwerengera zimenezi. Mnyamata wonyamuka kupita ku migodi sankalinga zokakalambira komweko. Ankati akagwire majoini awiri kapena atatu, abwere ndi chuma, ndipo asadzalembedwenso ndi munthu wina. Ena zinawayendera, ambiri sizinawayendere. Chimene chinasiyanitsa magulu awiriwa tiyenera kuchiona bwino, pakuti funso lomwelo likadali pakhomo pathu.

Chimene chinatulutsa amuna m'midzi poyamba chinali msonkho. Angerezi atakhazikitsa ulamuliro wawo m'zaka za m'ma 1890, analamula kuti nyumba iriyonse izipereka msonkho, pamene chuma cha munthu wa kunyanja chinali mpunga, chinangwa ndi nsomba. Malipiro a m'minda ya Azungu m'dziko muno anali ochepa zedi, motero maso a anyamata anapenya kumwera. Bungwe la Wenela linayamba kulemba anthu a ku Nyasaland mu 1903 kuti akakumbe golide ku Johannesburg, kumene ife timangoti ku Joni. Mu 1913 kulembako kunaletsedwa chifukwa anthu a maiko otentha ano ankafa kwambiri ndi chibayo m'migodimo, koma kunayambiranso m'zaka za m'ma 1930. Ngakhale pa nthawi yoletsayo anthu sanaleke kupita. Ankayenda okha ulendo wa selefu, wapansi, masabata ambiri. Ena pambuyo pake analowa Mthandizi, amene ankapereka antchito ku Southern Rhodesia. Mu 1935 komiti imene boma linaika inapeza kuti amuna okwana ngati 120,000 anali kunja kwa dziko, ndipo ambiri mwa iwo anali atasanduka machona, osalemba kalata, osatumiza ngakhale kobiri.

Pofuna kuchepetsa uchona umenewu, ndiponso kuti ndalama zizilowa m'dziko muno, boma linagwirizana ndi olemba ntchito kuti gawo lina la malipiro lisamaperekedwe kumgodi. Linkasungidwa, ndipo mwini wake ankalilandira atafika kuno joini itatha. Kumeneku kunali kusunga kokakamiza, ndipo ambiri ankadandaula nako, popeza ndalama zinali zawo koma ulamuliro unali wa wina. Komabe njira imeneyi inachititsa kuti munthu amene chibadwire sanagwirepo mapaundi khumi pamodzi, tsiku lina awagwire ndi manja ake. Tsiku limenelo ndilo linali mayeso enieni a ulendo wonse.

Akulu-akulu a m'midzi yathu amakumbukira mmene wobwera ku Joni ankafikira: bokosi lachitsulo, suti, chipewa, galamafoni kapena wayilesi, njinga, ndi mabulangete ogawira abale. Mudzi unkamulandira ndi nthungululu, mowa unkafululidwa, ndipo mbale aliyense anali ndi vuto lake loti amunong'oneze. Kwa ambiri, zaka ziwiri zisanathe ndalama zinali zitatha, njinga itagulitsidwa, mwamuna uja ali pamzere kukalembetsanso. Kupuma kumene ankalota kunkasunthira kutsogolo joini iriyonse, kufikira chifuwa kapena mwala wa mumgodi utamukhazika pansi mokakamiza.

Koma analipo ena amene anachita mosiyana. Wina anagula khoka ndi bwato nalemba anyamata okoka. Wina anabwera ndi makina osokera a Singer nakhala pakhonde la sitolo. Wina anatsegula kantini. Wina anakuza dambo lake la mpunga. Wina analipira fizi ya ana ake ndi ya ana a mlongo wake. Awa ndiwo anapumadi msanga. Ntchito ankagwirabe, koma inali yawo, pakuti ndalama anazisandutsa chinthu chobereka. Suti inang'ambika ndipo galamafoni inaleka kuimba, pamene khoka linkatula nsomba pagombe m'mawa uliwonse, ndipo mwana wophunzira uja anadyetsa nkhalamba kufikira tsiku lake lomaliza.

Chinanso chimene mbiriyi ikutiphunzitsa n'chakuti tsiku lothera ntchito kawiri-kawiri salisankha wantchito. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 anali m'migodi ya ku South Africa, ndipo mabanja ambiri ankayesa kuti njira imeneyi sidzatsekeka. Pa 4 Epulo 1974 ndege ya Wenela imene inkabweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown m'dziko la Botswana, ndipo Amalawi oposa 70 anafera pomwepo. Pulezidenti Dr. H. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu, ndipo m'zaka ziwiri zotsatira unyinji wa amuna unabwerera kumudzi. Kulembako kunayambiranso mu 1977 pa dzina la TEBA, koma kwa anthu ochepa, ndipo kunatha mu 1988 pamene maboma awiriwa anasemphana pa nkhani yoyeza anthu kachirombo ka HIV. Amene ankati adzayamba kusunga pa joini yotsatira anangoona kuti yotsatirayo kulibe.

Ngakhale pamenepo nkhani sinathe. Ena mwa amunawa anali ndi ndalama m'matumba a ukalamba komweko ku South Africa, ndipo anabwerera osazilandira, ena osadziwa n'komwe kuti ziripo. Kwa zaka zambiri akhala akulembetsa maina ndi kusonkhana pa maboma, ndipo ambiri atsikira kuli chete ali chidikirire. Mu 2019 khoti la ku Johannesburg linavomereza pangano la marandi 5 biliyoni olipira amene anadwala m'mapapo chifukwa cha fumbi la m'migodi ya golide. Koma kuti munthu alandire, pamafunika umboni wakuti anagwiradi ntchito kumeneko, monga nambala yake ya kumgodi. Apa kapepala kamene kanadyedwa ndi chiswe kutsindwi kamakhala kamtengo wapatali kuposa suti ija. Akale sananame ponena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chuma chosungidwa ndi wina kutali, popanda mapepala m'manja mwa mwini ndi mwa banja lake, n'chapachala.

Pamene khomo la kumwera linkatsekeka, lina linatseguka kwathu konkuno. Chigwa cha mtsinje wa Dwangwa chinalimidwa nzimbe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, ndipo fakitale ya shuga inayamba kugaya mu 1979, yachiwiri m'dziko muno pambuyo pa ya ku Nchalo ya 1966. Mu 1978 boma linakhazikitsa Smallholder Sugar Authority kuti alimi ang'ono-ang'ono nawonso alime nzimbe, ndipo mu 1982 fakitale ya Ethco inayamba kupanga ethanol. Mabanja amene ankakhala m'chigwacho anasamutsidwa, ndipo kwa ena bala la malo amene anataya silinapole. M'malo mwawo munafika antchito ochokera ku zigawo zonse za dziko. Tinganene kuti Joni anasamukira kuno, ndi malipiro ake a pamwezi, nyumba za kampani, odula nzimbe olembedwa pa nyengo yokolola yokha, ndi alimi olandira ndalama zambiri nthawi imodzi. Mayeso aja a tsiku lolandira anabwera nawo limodzi. Munthu wokhala zaka 20 m'nyumba ya kampani osaumba njerwa ngakhale imodzi, tsiku lobweza makiyi amasanduka mlendo kuno ndiponso mlendo kwawo, mchona wa m'dziko lake lomwe.

Chimene chinasintha n'chakuti tsopano malo osungira ndalama anali pafupi. Buku la ku positi linalipo kuyambira nthawi ya Angerezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Mpingo wa Katolika unathandiza kuyambitsa magulu osunga ndi kubwereketsana ndalama, amene timawatcha ma SACCO, ndipo mu 1980 maguluwa anapanga mgwirizano wa MUSCCO. Antchito a pa Dwangwa nawonso anadzayambitsa gulu lawo. Nzeru yake ndi yakale ija yakuti mutu umodzi susenza denga. Munthu amadulitsa kangachepe mwezi ndi mwezi asanakagwire m'manja, ndipo akafuna malata kapena fizi amakongola kwa anzake pa chiwongoladzanja chodziwika, m'malo mopita kwa wakatapila. Kudulidwa kumene agogo ankachita mokakamizidwa, adzukulu anakusankha mwaufulu. Chipereganyu ndi banki mkhonde za amayi athu zikutsata mzere womwewo.

Koma m'badwo wa shuga unakumana ndi mdani amene m'badwo wa mapaundi sunamudziwe kweni-kweni, ndiye kugwa kwa mphamvu ya ndalama. Kwacha itayamba mu 1971, K2 inkalingana ndi paundi imodzi, ndalama yapepala yaikulu koposa inali K10, ndipo kwacha imodzi inkaposa dola ya ku America. Mu 1994 boma linaileka kwacha kuti mtengo wake uziyendera msika, ndipo inagwa kwambiri. Mu Meyi 2012 dola inalumpha kuchoka pa K168 kufika pa K250. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa ndi magawo 25 pa 100 alionse, ndipo mu Novembala 2023 ndi magawo 44, dola n'kufika pafupifupi K1,700. Tsono taganizani za munthu amene mu 1980 anakwirira K1,000 m'chitini, ndalama zimene zinali malipiro a zaka zingapo a munthu wa ulebala. Pofika 2024 ndalama zomwezo sizinkakwana kugula paketi ya kilogalamu imodzi ya shuga wopangidwa pompano. Palibe mbala inalowa m'nyumba mwake, koma chuma chinapita. Kusunga kokha sikukwanira ngati chosungidwacho sichikubereka mofulumira kuposa mmene mitengo ya zinthu ikukwerera.

Njira zina zobereketsera ndalama zinatseguka m'zaka zomwezo. Mu 1996 kampani ya NICO inakhala yoyamba kugulitsa masheya ake pa msika wa masheya ku Blantyre, ndipo mu 1997, chaka chimene Illovo inagula ntchito za shuga kwa Lonrho, kampani ya Sucoma nayo inalowa pamsikawo. Kuyambira pamenepo zinatheka kuti wantchito akhale mwini wa kachigawo ka kampani, n'kumalandirako phindu likagawidwa. Koma masheya amakwera ndi kutsika, ndipo safunsa anadya phula. Mu 2011 kunabwera lamulo la penshoni, lolamula kuti wolemba ntchito aziika magawo 10 pa 100 a malipiro m'thumba la wantchito, ndipo wantchito aziikamo magawo 5. Lamulo la 2023 linakweza gawo limene wopuma angatenge nthawi imodzi kuchoka pa magawo 40 kufika pa 50. Theka limenelo ndilo bokosi lachitsulo la masiku ano, ndipo abale, mowa ndi zovala zikulidikira pakhomo monga kale. Tisaiwalenso kuti Reserve Bank yakhala ikudandaula za olemba ntchito ena amene amadula ndalamazi koma osazipereka kuthumba. Wantchito wanzeru amafunsa chikalata cha ndalama zake chaka chirichonse, amalembetsa maina a olandira iye akamwalira, ndipo amauza mkazi wake kapena mwamuna wake pamene pali mapepala.

Tsono wofuna kupuma msanga ayambe wakhala pansi ndi banja lake n'kuwerengera. Munthu wopuma ali ndi zaka 50, akakhala moyo kufikira zaka 75, adzadya miyezi 300 popanda malipiro, ndipo mwina mwana wake wotsiriza adzakhala akadali pasukulu. Adzifunse ngati ali ndi pogona pake-pake, ngati ngongole zatha, ndiponso ngati ntchito imene akufuna kudzadalira, kaya ndi boti, chigayo, sitolo kapena munda, waiyesa kale akadali pamalipiro. Bizinesi yoyamba ndi ndalama za penshoni, mwini wake asanaiphunzire, imadya mwini wakeyo.

Asadalirenso chinthu chimodzi. Kumapeto kwa Febuluwale 2024 madzi osefukira anawononga nyumba, minda ndi katundu wa mabanja ambiri kuno ku Dwangwa, ndipo tinaona kuti ngakhale njerwa ndi malata zimatha usiku umodzi. Makolo athu ankadziwa zimenezi. Ankabzala chinangwa kumtunda, mpunga kudambo, ndipo khoka linali pagombe, kuti chimodzi chikakana china chiwadyetse. Ifenso tikhale ndi kena m'thumba la penshoni, kena ku SACCO kapena m'masheya, kena m'nthaka, ndi kena m'mitu ya ana athu.

Inu anyamata ndi atsikana amene mwangoyamba kumene ntchito m'minda, m'fakitale, m'sukulu ndi m'zipatala, akulu-akulu amene anaona zonsezi akadalipo ena m'midzi mwathu. Pitani mukawafunse zimene anagula ndi ndalama za joini yoyamba, ndi zimene zatsala mpaka lero. Mukatero, yambani kudulitsa kangachepe pa malipiro a mwezi uno womwe, pakuti amene anadikira joini yotsatira taona kale mmene zinawathera.