Zigono za M'mapiri a Kumtunda kwa Meponda

Munthu amene anyamuka ku Lichinga mbandakucha atadzikuta chofunda chifukwa cha chisanu cha kumtunda, natsika makilomita pafupifupi 60 kufikira pamene msewu uthera pa mchenga wa Meponda, amafika thukuta lili kamukamu, pakuti mzinda wa Lichinga unamangidwa pa chitunda cha mamita oposa 1,300, pamene nyanja yagona pansi pa mamita osapitirira 500. Masiku ano mabanja a mumzinda amatsikira kumeneko Loweruka kukapumula, ndipo ena amakhoma hema pagombe, nakwera zitunda ndi ana awo m'mawa kuti akaone nyanja ali pamwamba. Chimenechi n'chokoma ndithu, koma mapiri amenewa sanayambe lero kugoneka anthu, ndipo ambiri amene anagonamo kale sanadzeremo kusewera.

Makolo athu a m'mbali mwa nyanja, Anyanja opalasa bwato ndi Ayao a kumapiri, anali kusowana monga dzanja lamanja lisowa lamanzere. Kunyanja kunali usipa ndi utaka, kumtunda kunali chimanga ndi nyemba. Tsono amayi anali kuyanika nsomba pa thandala, nazilonga m'madengu, naika nkhata pamutu, ndi kuyamba chikweza tambala woyamba atangolira, kuti dzuwa likamatentha akhale atalowa kale mumthunzi wa mitengo ya mombo ndi misuku. Ulendo wotere sunathe tsiku limodzi, ndiye chifukwa chake panali zigono zodziwika, kawirikawiri pafupi ndi mtsinje wosaphwa. Pofika pachigono aliyense anali kudziwa ntchito yake wosamuuza: amuna kudula nthambi ndi kusenda luzi lomangira msasa, amayi kutereka mphika pa mafuwa atatu, anyamata kutola nkhuni zazikulu zoti zinyeke kufikira kucha, popeza moto ndiwo unali chofunda ndiponso mlonda woingitsa fisi ndi kambuku. Kamba wa panjira anali ufa, chinangwa chouma ndi nsomba zomwezo. Mwana amene anayenda ulendo wake woyamba anabwerako atadziwa mtengo wa luzi labwino, phazi la nyama ndi madzi oyenera kumwa, ndipo ngati anali wamatama anaphunzira msanga kuti safunsa anadya phula.

Panalinso maulendo aakulu, amene mbiri yake ili ndi ulemu ndi manyazi pamodzi. Mafumu a Chiyao, makamaka Mataka wa ku Mwembe, anali kutumiza anthu mazanamazana kunka ku Kilwa ndi ku madoko ena a kunyanja yamchere atasenza minyanga ya njovu, nabwerako ndi nsalu, mikanda, mfuti ndi onga. Asananyamuke, mfumu inali kuthira nsembe ya ufa kupempha mizimu kuti itsegule njira, ndipo akazi otsala pamudzi anali kudzisunga kuti amuna awo angaone tsoka m'thengo. Koma pamodzi ndi minyangayo panali kuyendanso akapolo, magoli ali m'khosi. Ndipo David Livingstone, amene anadzera kwa Mataka mu 1866 asanatsikire kunyanja, anaona mitembo ya otopa atasiyidwa m'mbali mwa njira. Pa masiku omwewo nkhondo za Angoni zinakweza midzi yathunthu kumapiri, monga pa phiri la Unango, pamene anthu anamanga nyumba pakati pa matanthwe. Kumeneko ndiko kumene wansembe wa Chiyao, Yohanna Abdallah, anatumikira zaka zambiri, nalemba mbiri ya mtundu wake imene inasindikizidwa mu 1919.

Hema weniweni wa nsalu anafika ndi azungu, ndipo sanafike yekha. Kampani ya Niassa, imene Apwitikizi anaipatsa chigawo chonsechi kufikira 1929, inadza ndi msonkho wa nyumba ndi ntchito yokakamiza, ndipo Mataka wa nthawi imeneyo atagonjetsedwa mu 1912 panalibenso wotsekereza. Bwana anali kukwera mapiri ali gone m'machila, anthu akusinthana mapewa ndi kuimba kuti mapazi agwirizane. Pofika pachigono amtengatenga omwewo, mapewa atanyuka, ndiwo anali kukhoma zikhomo za hema, kuyala kama ndi kutunga madzi osamba, kenaka iwo n'kukagona pa masamba kunja, mame ali kuwagwera. Sindikhulupirira kuti pali mbiri yoona ya maulendo a m'dziko lino imene ingatchule dzina la wonyamulidwa ndi kuiwala onyamula. Ngakhale pamene mzinda wa Vila Cabral, umene lero ndi Lichinga, unakhazikitsidwa mu 1931, ndi pamene njanji inafikako mu 1969, katundu wambiri wa anthu wamba wochokera kugombe anali kukwerabe pamutu.

Za nkhondo ziwiri zimene zinatsatira akuluakulu a ku Meponda safuna wowakumbutsa. Kuyambira mu 1964, pamene Frelimo inayamba kumenyera ufulu, mabanja ambiri a m'chigawo cha Niassa anathawira m'thengo, ena ku Malawi ndi ku Tanzania, ena anatsekeredwa m'midzi yolonderedwa ndi asilikali; ndipo ufulu utabwera mu 1975 sipanapite nthawi, nkhondo ya pachiweniweni inawabwezeranso kumapiri kufikira mtendere wa mu 1992. Amenewo ndiwo anagona m'misasa ndi makanda, osayatsa moto usiku kuopa kuoneka, natseka pakamwa pa mwana wolira. Luso limene makolo anasiya, lodziwa muzu wodyedwa ndi kasupe wobisika, ndilo linapulumutsa miyoyo yambiri. Njira zina zinatsala ndi mabomba okwirira, ndipo dziko la Mozambique linalengeza kuti latsiriza kuwachotsa mu 2015.

Tsopano, pamene boma linaika gawo lake la nyanja kukhala malo otetezedwa mu 2011, ndipo alendo ayamba kubwera, mdani wa mapiriwa ndi nkhwangwa ya makala ndi moto wolusa wa chilimwe. Inu makolo amene mukonza zokagona kumeneko ndi ana anu mwezi wa June kapena July, pamene mwera uli kuomba ndipo kumwamba kuli mbee, yambani mwaonekera kwa mfumu ya mudzi, mupemphe mkulu mmodzi wodziwa njira kuti akutsogolereni, mum'lipire mokwanira, ndipo madzulo pamoto muwaleke ana am'funse za zigono zimene anagonamo ali mwana. Pochoka muzime motowo ndi madzi, osati ndi dothi lokha.