Msinkhu ndi mlingo: mawu a othamanga amene zaka zapitako

Wophunzira wina wa utolankhani anapatsidwa zotsatira za mpikisano wothamanga kuti azilembe m'Chichewa. Pamwamba pa mayina ena panali mawu oti Masters, iye n'kulemba kuti "akatswiri". Atayang'ana nthawi zawo mutu unaima, poti akatswiriwo ndi amene anafika m'mbuyo mwa anyamata a gulu lopanda dzina. Funso lake linali lomveka: ndi ukatswiri wanji wofika anzako atasamba kale?

Mlandu si wa mwanayo. Mawuwa amasokoneza ngakhale eni ake. Bungwe loyendetsa masewera a anthu a zaka zambiri padziko lonse linakhazikitsidwa mu 1977 ku Gothenburg, m'dziko la Sweden, ndipo linkatchedwa World Association of Veteran Athletes (WAVA). Mu 2001 linasintha dzina kukhala World Masters Athletics. Limalandira munthu akakwanitsa zaka 35 n'kumuika m'magulu a zaka zisanuzisanu: 35 mpaka 39, 40 mpaka 44, mpaka kufika kwa a zaka 90 ndi kupitirira. Ku America mipikisano yambiri ya pamsewu imayambira pa zaka 40. Ku South Africa kunazolowereka kuti wa zaka za m'ma 40 ndi veteran, wa m'ma 50 ndiye master, wa m'ma 60 grandmaster. Liwu limodzi likuloza misinkhu itatu, ndiye wotanthauzira amene akungotsata liwulo sangalephere kusochera.

Tiyese mawu amene tili nawo. "Akatswiri" tawakana kale, chifukwa gululi munthu amalowamo ndi zaka zakubadwa, luso lake likhale lotani. "Okalamba" ndi chipongwe, komanso ndi bodza. Carlos Lopes wa ku Portugal anapambana marathoni ya Olimpiki ku Los Angeles mu 1984 ali ndi zaka 37. Eliud Kipchoge anathamanga 2:01:09 ku Berlin mu 2022, nayenso ali ndi zaka 37. Pa malamulo a lero a bungwe lija onsewa akanakhala a gulu la 35 mpaka 39. Ndani angaime pagulu n'kuwatcha nkhalamba? "Mkhalakale" amakoma m'khutu, ndipo atolankhani amamukonda, koma mkhalakale ndi munthu amene wakhalitsa pa ntchito kapena pa masewera. Mayi wa zaka 52 amene wayamba kuthamanga chaka chatha, adokotala atamuchenjeza za shuga, ali m'gulu la 50 mpaka 54 koma si mkhalakale. "Akuluakulu" ndiye ayi ndithu: pa mpikisano akuluakulu ndi aja amakhala pamthunzi kudikira kupereka mendulo.

Ine ndikuti tisiye kusaka dzina laulemu. Chichewa chili ndi liwu lokwanira bwino, msinkhu. Timati ana a msinkhu umodzi, timati uyu si msinkhu wako. Tilembe kuti gulu la msinkhu wa zaka 40 mpaka 44, kapena mwachidule a msinkhu wa 40. Palibe wanyozedwa, palibe wakwezedwa, ndipo owerenga adziwa amene akupikisana. Tikafuna liwu lowamangira pamodzi onse opitirira zaka 50, "achikulire" angagwire ntchito, koma pa pepala la zotsatira pakhale nambala.

Liwu lachiwiri ndi lovutirapo, chifukwa ndi limene lanyamula maganizo onse a nkhaniyi. Thupi likamakula, mtima sugundanso mwachangu ngati kale ukaupanikiza, mpweya umene minofu imatha kugwiritsa ntchito umachepa, ndipo minofuyo imafota pang'onopang'ono. Akafukufuku amaona kuti liwiro la mtunda wautali limakhazikika mpaka cha m'ma 35, limatsika pang'ono mpaka zaka 50 kapena 60, kenako limatsika msanga. N'chifukwa chake nthawi imene tikuyembekeza kwa wothamanga iyenera kuyenda ndi zaka zake.

Chitsanzo chodziwika ndi Boston Marathon, mpikisano wa makilomita 42.195 umene unayamba mu 1897. Kuti ulembetse monga wothamanga wamba uyenera kuonetsa kuti unamalizapo marathoni ina m'nthawi yoikika. Pa mpikisano wa 2026, mwamuna wa zaka 18 mpaka 34 anafunika maola 2 ndi mphindi 55, mkazi maola 3 ndi mphindi 25. Mwamuna wa 50 mpaka 54 anafunika 3:20, wa 60 mpaka 64 anafunika 3:50, ndipo wa zaka 80 kupita m'tsogolo 4:50. Nthawi zimenezi tizitcha chiyani? Wina angati malire, koma malire ndi pothera, ngati maola 12 a Comrades Marathon amene akakwana mfuti imalira, wotsala watsala, kaya ndi mnyamata kaya ndi agogo. Za ku Boston ndi mlingo, chinthu choyezera. Mlingo wolowera: mawu awiri okha, ndipo aliyense wogula chimanga pamsika awamva.

Ganizo lomweli la mlingo ndi limene lili pansi pa chimene Angerezi amati age grading, chimene bungwe la WAVA linasindikiza koyamba mu 1989. Mayi aliyense wopita kusikelo amachidziwa kale: namwino akayeza mwana, makilogalamuwo pawokha sanena kanthu mpaka awaike pa khadi moyang'anizana ndi miyezi ya mwanayo. Pothamanga, msinkhu uliwonse wa amuna ndi wa akazi uli ndi nthawi yake yapamwamba pa mtunda uliwonse. Nthawi imeneyo imagawidwa ndi nthawi yako, n'kuchulukitsa ndi 100. Tingoyerekeza: mnyamata amene mlingo wake pa makilomita 5 ndi mphindi 13 wathamanga 22, wapeza 59 peresenti. Bambo wa zaka 65 amene mlingo wake ndi mphindi 17 wathamanga 26, wapeza 65 peresenti. Mnyamata wafika poyamba, koma bambo ndi amene wathamanga bwino. Amene amapita ku parkrun Loweruka m'mawa ku Johannesburg kapena ku London amaiona nambala imeneyi pa zotsatira zawo. Ed Whitlock wa ku Canada, amene mu 2004 anamaliza marathoni ya ku Toronto m'maola 2 ndi mphindi 54 ali ndi zaka 73, amalemekezedwa chifukwa cha kuwerengera kotereku.

Nambalayi ndiitcha peresenti ya msinkhu. Phindu lake ndi lakuti wachikulire asamadzizunze pofuna nthawi imene ankathamanga ali ndi zaka 28. Cholinga chake chikhale kusunga peresenti yake, kapena kuikweza, ngakhale wotchi ikuonetsa kuti wachedwerapo.

Ena adzadandaula kuti ndalola "peresenti". Adzafuna "magawo a pa zana", ndipo marathoni adzaitcha "mpikisano wa liwiro la mtunda wautali zedi". Mawu otere amatopetsa wowulutsa pa wailesi, ndipo akatopa amathawira ku Chingerezi chonse. Kilomita, sekondi, peresenti ndi marathoni ndi miyezo ndi mayina, tibwereke popanda manyazi monga tinabwerekera chigoli ndi goloboyi. Koma pamene pali ganizo loti munthu alimvetse, monga msinkhu, mlingo, liwiro ndi cholinga, kubwereka ndi ulesi.

Chichewa Board inatha mu 1995, ndipo ntchito yake inapita ku Centre for Language Studies ya University of Malawi, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Lamulo la maphunziro la 2013 linaika Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira kuyambira Sitandade 1, choncho kalasi sitingaidalire kuti ikhazikitsa mawu a masewera. Mawu a mpira anakhazikika pakamwa pa owulutsa, ndipo a kuthamanga adzakhazikikanso pomwepo. Inu okonza mipikisano, kaya ku Blantyre kaya ku phiri la Mulanje, sindikizani zotsatira m'magulu a msinkhu, m'Chichewa. Inu owulutsa, nenani msinkhu wa wothamanga musananene nthawi yake.