Tchalitchi cha ku Mbombwe n'cha liti?

Ambiri akaona tchalitchi cha PIM ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu, amati ndi chomwe anamanga John Chilembwe. Ine ndikukana. Chilembwe anayambitsa mishoniyi mu 1900, ndipo tchalitchi chake cha njerwa chinatha mu 1913. Ataukira atsamunda pa 23 Januwale 1915, asilikali a boma anachiphulitsa. Mishoni inakhala yotseka mpaka 1926, pomwe Dr Daniel Malekebu anaitsegulanso. Choncho chomwe chaima lerochi n'cha nthawi ya Malekebu.

Kusiyanitsaku ndimakuona kofunika. Tikapereka makoma onse kwa Chilembwe, tikukwirira zinthu ziwiri: nkhanza za amene anagwetsa, ndi thukuta la amene anamanganso. Zaka za nyumba tizifunsa maziko ake, osati dzina lotchuka.