Mbiri ya Zigawo Zowonjezera pa Mapulogalamu Osunga Kaundula

Pulogalamu ya kompyuta yosunga kaundula, kaya wa odwala, wa ana asukulu kapena wa alimi olandira feteleza, imakhala ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba ndi database, momwe zonse zimasungidwa m'matebulo okhala ndi mizere. Mbali yachiwiri ndi pulogalamu yomwe munthu amagwiritsa ntchito, imene imatenga wodwala ngati chinthu chimodzi chokhala ndi dzina, zaka, matenda ndi mankhwala ake. Pakati pa mbali ziwirizi pamakhala pulogalamu yolumikiza yotchedwa ORM, ndipo pa iyo pamamangiriridwa zigawo zing'onozing'ono zowonjezera, zomwe ena amati plugin, ena module, ena component. Luso lolemba zigawozi ndi limene lathandiza kuti mapulogalamu olembedwa kutali agwire ntchito m'zipatala za ku Malawi ndi ku Zambia.

Chiyambi cha zonsezi ndi chaka cha 1970, pamene Edgar F. Codd wa kampani ya IBM anafalitsa maganizo akuti deta izisungidwa m'matebulo olumikizana. Malinga ndi maganizowo, dzina la wodwala limalembedwa kamodzi m'tebulo la anthu, ndipo ulendo uliwonse wa kuchipatala umalembedwa m'tebulo lina pamodzi ndi nambala yoloza kwa munthuyo. Donald Chamberlin ndi Raymond Boyce, nawonso a ku IBM, anakonza chiyankhulo chofunsira matebulowa, chomwe lero chimadziwika kuti SQL, ndipo mu 1986 chinavomerezedwa ku America kukhala muyezo woti makampani onse azitsata.

Vuto linabuka pamene ziyankhulo zolembera mapulogalamu monga Smalltalk ndi Java zinafala. Wolemba pulogalamu ankataya masiku ambiri kulemba SQL yotengera deta m'matebulo ndi kuibwezeramo, ndipo tebulo likasintha pang'ono ankayenera kukonza malo ambirimbiri. TopLink, yomwe inayambira pa Smalltalk m'zaka za m'ma 1990, inali imodzi mwa mapulogalamu oyamba kuchotsa chintchito chimenechi. Mu 2001 Gavin King anayamba Hibernate ya Java, yaulere komanso yoti aliyense angathe kuiwerenga ndi kuisintha. Zina zinabwera motsatizana: Ruby on Rails ya David Heinemeier Hansson inatuluka mu 2004 ili ndi Active Record mkati mwake, Django ndi DBIx::Class zinatuluka mu 2005, ndipo SQLAlchemy ya Michael Bayer inatsatira mu 2006.

Mapulogalamuwa atafala, zofuna za anthu zinachuluka. Wina ankafuna kuti tsiku lolembera mzere lizidindika lokha, wina kuti mawu achinsinsi azibisika asanasungidwe, wina kuti pazidziwika amene wasintha chiyani. Zonsezi zikanaikidwa mu ORM yeniyeniyo, bwenzi italemera ndi zinthu zomwe anthu ambiri sazifuna. Aliyense akanati azisintha yake, bwenzi mtundu watsopano ukatuluka zosinthazo zikutayika. Njira yomwe inapambana inali yosiya phata la pulogalamu osalikhudza, n'kutsegula malo odziwika pomwe zigawo zina zingalowererepo.

DBIx::Class, yomwe Matt S. Trout anayamba m'chiyankhulo cha Perl, imaonetsa bwino mmene zimenezi zimayendera. Wolemba pulogalamu amatchula zigawo zomwe akufuna pa tebulo lililonse kudzera mu lamulo la load_components. Chigawo chotchedwa InflateColumn::DateTime chimasandutsa tsiku lolembedwa m'tebulo kukhala chinthu choti pulogalamu ingawerengere nacho masiku, ndipo TimeStamp chimadinda nthawi mzere ukamalembedwa kapena kusinthidwa. Wofuna kulemba chigawo chake amalowerera pa ntchito imodzi, monga insert yosunga mzere watsopano. Amachita kaye zake, mwina kuyang'ana ngati nambala ya wodwala ili bwino, kenako amaitana next::method kuti chigawo chotsatira chipitirize. Ntchito imayenda ngati njerwa zopatsirana pomanga nyumba: mmodzi akaiwala kupatsira mnzake, mzerewo sufika m'tebulo n'komwe. N'chifukwa chake ndondomeko yotchulira zigawo imakhala yofunika, ndipo DBIx::Class imatsata njira yotchedwa C3 posankha choyamba ndi chotsatira.

Ena anatsata njira yofananayo. Mu 2007 olemba Rails anachotsa acts_as_list ndi acts_as_tree m'phata n'kuzisandutsa ma plugin. Ku Hibernate kunabadwa Envers, chigawo chosunga mbiri ya kusintha kulikonse kwa mzere.

Ku ntchito za umoyo luso limeneli linafika kudzera mu OpenMRS, yomwe inayamba mu 2004 mwa mgwirizano wa Regenstrief Institute ya ku Indiana ndi bungwe la Partners In Health. Paul Biondich, Burke Mamlin ndi Hamish Fraser anali ena mwa oyambitsa, ndipo inayamba kugwira ntchito ku Eldoret m'dziko la Kenya mu 2006. OpenMRS inalembedwa mu Java ndipo imadalira Hibernate. Phata lake limasunga anthu, maulendo awo a kuchipatala ndi zomwe zapimidwa, pamene mafomu, malipoti ndi zina zotero zimabwera ngati ma module. Module imatha kubwera ndi matebulo akeake pamodzi ndi malangizo ouza Hibernate mmene matebulowo akulumikizirana ndi akale. Palinso mwambo wina wofunika: zolemba za wodwala sizifufutidwa. Zikalakwika zimangoikidwa chizindikiro chakuti zathetsedwa, pamodzi ndi dzina la wothetsayo, tsiku ndi chifukwa, ndipo wolemba module aliyense ayenera kulemekeza mwambowu.

Ku Malawi ntchito inali itayamba kale. Mu 2001 Gerry Douglas anaika makompyuta ongodina pagalasi pa chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe, kudzera mu bungwe lomwe anayambitsa la Baobab Health. Boma litayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, odwala anachuluka mwakuti kuwerengera m'mabuku a kaundula kunkatenga nthawi yaitali. Akatswiri a Baobab, ambiri a iwo Amalawi, analemba pulogalamu yotchedwa BART, yomwe inkasindikiza timapepala tomata m'buku la kuchipatala la wodwala. Iwo anatenga kamangidwe ka matebulo a OpenMRS koma pulogalamu anailemba mu Ruby on Rails. Apa panafunika luso lowonjezera, chifukwa Active Record imayembekezera kuti nambala ya mzere izitchedwa id pamene matebulo a OpenMRS ali ndi mayina awoawo monga patient_id, komanso inayenera kuphunzitsidwa kulumpha mizere yothetsedwa. Ku Neno, bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo, lomwe linayamba ntchito kumeneko mu 2007, linasankha OpenMRS yeniyeniyo n'kuwonjezerapo zigawo zogwirizana ndi makadi a Unduna wa Zaumoyo.

Dziko la Zambia linadzera njira ina. Kaundula wa odwala anaikidwa mu SmartCare, pulogalamu yomwe Unduna wa Zaumoyo unakonza mothandizana ndi bungwe la CDC la ku America, ndipo wodwala ankapatsidwa khadi lonyamula mbiri yake. Ziwerengero za mwezi ndi mwezi zimapita mu DHIS2, yomwe amaiyang'anira ndi a University of Oslo ndipo inayamba kugwiritsidwa ntchito ku Kerala m'dziko la India mu 2006. Chitsanzo ndi boma la Rufunsa, lomwe lili kum'mawa kwa Lusaka m'mbali mwa msewu wa Great East. Chipatala cha mishoni cha St Luke's ku Mpanshya ndi zipatala zing'onozing'ono za m'midzi ya m'bomali zimatumiza ziwerengero za malungo, katemera ndi amayi oyembekezera, ndipo zikalowa mu DHIS2 zimadutsa mu Hibernate yomwe ija zisanasungidwe m'matebulo a PostgreSQL. Dziko likafuna china chapadera, akatswiri amalemba app yowonjezera osakhudza phata.

Pa zaka zonsezi amisiri a ntchitoyi agwirizana pa malamulo angapo. Chigawo chizichita ntchito imodzi yokha, chizipatsira ntchito ku chotsatira, ndipo chisasinthe matebulo a phata mwamseri. Chiziyesedwa pa deta yongoyerekeza chisanafike kuchipatala, ndipo chizikhala ndi malongosoledwe olembedwa kuti wobwera m'mbuyo achimvetse. Vuto lalikulu limadza phata likasintha, pakuti chigawo chopanda wochisamalira chimaleka kugwira ntchito ndipo chimatha kulepheretsa chipatala kulandira mtundu watsopano wa pulogalamu. Pa chifukwa chimenechi, dziko lomwe likufuna kaundula wodalirika liyenera kuphunzitsa ndi kusunga akatswiri akeake odziwa kulemba zigawozi ndi kuzikonza.