Timadamu Tobadwa M'fumbi ku America

Mlendo akafika pa Skipout Lake ku Oklahoma, m'dera la udzu lotchedwa Black Kettle National Grassland, n'kupeza mabanja atakhoma matenti m'mbali mwa madzi, ana ali ndi mbedza m'manja, angaganize kuti nyanjayo inalipo kuyambira kalekale. Ayi ndithu, ndi damu lopangidwa ndi anthu. Chizolowezi chogona m'matenti n'kumawedza pa timadamu totere n'chatsopano m'zigwa za udzu za kum'mwerazi, ndipo chinabwera chifukwa cha tsoka komanso dzanja la boma.

Lamulo la Homestead Act la 1862 linkapatsa munthu maekala 160 kuti alime. Alimi anagalauza udzu umene mizu yake inkagwira dothi, makamaka tirigu atakwera mtengo pa nkhondo yoyamba yapadziko lonse. Chilala chitagwa m'ma 1930, mphepo inangokokolola nthaka yopanda chofundayo, moti pa 14 Epulo 1935 fumbi linadetsa dzuwa masanasana. Ambiri anasiya minda n'kuthawa. Boma linayamba kugula malo oguga, ntchito imene lamulo la Bankhead-Jones la 1937 linalimbikitsa, n'kubzalamonso udzu, ndipo mu 1960 madera ambiri otere anapatsidwa dzina lakuti National Grassland. Anyamata a Civilian Conservation Corps, gulu lomwe linayamba mu 1933 pofuna kulemba ntchito achinyamata osowa pogwira, anamanga madamu m'maboma angapo a ku Kansas. Nsomba nazonso zinachita kubweretsedwa. Lamulo la Dingell-Johnson la 1950 linapereka msonkho wa 10 peresenti wa pa zipangizo zowedzera ku ntchito yoweta ndi kuteteza nsomba, choncho wogula ndodo yowedzera amalipirira nawo channel catfish, m'bale wake wa mlamba, imene mawa adzaikole yekha.

Ena angatsutse kuti zigwazi zili ndi nyanja zachilengedwe. N'zoona kumpoto, ku North Dakota ndi South Dakota, kumene madzi oundana akale anasiya maenje ambirimbiri. Koma kum'mwera zithaphwi zambiri zimadzaza mvula ikagwa n'kuphwa dzuwa likawomba, nsomba sizingakhalitsemo. Chitsutso chovuta kuyankha n'chakuti madamuwa anapweteka nsomba za m'timitsinje ta komweko. Kansomba kotchedwa Topeka shiner kanalembedwa mu 1998 m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutha, ndipo zina mwa zifukwa zake ndi kutseka mitsinje ndi kuthiramo bass, nsomba yolusa imene imadya tinzake. Apa palibe chokana. Komabe mlimi wa mu 1936, amene ng'ombe zake zinkafa ndi ludzu, sakanamvetsa dandaulo limeneli, ndipo munthu wamba wokhala kutali ndi nyanja yaikulu anapeza powedzera motsika mtengo. Madamuwa anathandiza anthu, koma amene analipira ndi mitsinje.