Kugwedezeka kwa ubongo: mantha ogundanso mutu munthu akuchira

Kugwedezeka kwa ubongo, kumene pa Chipwitikizi amati concussão cerebral, kumachitika mutu ukamenyedwa mwamphamvu moti ubongo umasuntha m'kati mwa chigaza. Munthu angavulale chonchi pogwa pa mota, panjinga, pangolo kapena pa mpira. Si onse amene amakomoka. Ambiri amangomva mutu, chizungulire, nseru, kuiwalaiwala ndi kudana ndi kuwala kapena phokoso. Ochuluka amachira pasanathe milungu 4.

Chimene sichikambidwa kawirikawiri ndi mantha. Wodwala akatuluka ku Hospital Provincial de Tete n'kukwera chapa cha pa msewu wa N7 kupita ku Moatize kapena Zóbuè, dzenje lililonse la mumsewu limamudula mtima. Akafika kumudzi, akagunda mutu pakhomo lalifupi la khitchini, kapena mwana wa kumsana akamugunda ndi chipumi, amaganiza kuti wabwereranso pa tsiku loyamba.

Nthawi zambiri sizikhala choncho. Ubongo umakhala m'madzi ake, m'kati mwa fupa lolimba, ndipo kugwedera kwa galimoto, kuyetsemula kapena kugunda pang'ono chitseko n'kochepa kwambiri poyerekeza ndi kugwa pa mota ikuthamanga. Komabe mutu ukhoza kuwawa ndithu pambuyo pake, ndipo wodwalayo sakunama. Ubongo womwe ukuchira sumachedwa kumva chilichonse, ndipo munthu akadzidzimuka minofu ya m'khosi imakungika, mtima umathamanga, tulo timasowa. Zimenezi zimabweretsa zizindikiro zofanana ndi za kuvulala kwenikweniko, koma zimazirala pakapita maola kapena tsiku. Ndiye pali dzuwa la mu mzinda wa Tete, limene mu Okutobala ndi Novembala limapitirira madigiri 40: kusowa madzi m'thupi kumawawitsa mutu ngakhale wa munthu wabwinobwino. Mutu ukabwera ndi kutentha thupi, akayezetse malungo.

Kudzitsekera m'nyumba ya mdima kwa milungu ingapo, monga achibale ena amalangizira mwachikondi, kumachedwetsa kuchira. Akatswiri amene anakumana ku Amsterdam mu Okutobala 2022 anagwirizana kuti kupumula kukhale kwa tsiku limodzi kapena awiri, foni ndi TV zikhale zochepa pa masiku amenewo, kenako munthu ayambe kuyendayenda. Mutu ukawonjezera kuwawa pang'ono n'kusiya lisanathe ola, palibe chodetsa nkhawa. Kwa mlimi izi zikutanthauza kuyamba ndi ntchito zopepuka, monga kusankha mbewu kapena kutonola chimanga pamthunzi. Khasu ndi kusenza matumba a mbatatesi zibwere pambuyo, pang'onopang'ono.

Mantha ali ndi malo ake. Kumenyedwanso mwamphamvu ubongo usanachire n'koopsa, makamaka kwa ana ndi achinyamata, ndipo ngakhale sizichitikachitika, ubongo ukhoza kutupa mpaka munthu kufa. N'chifukwa chake mpira, kukwera padenga kapena mumtengo, kuyendetsa mota ndi kumanga ng'ombe zaukali pangolo ziyenera kudikira mpaka zizindikiro zitatha ndipo achipatala avomereza. Mowa nawonso udikire. Pobwerera pa mota, kapasete ndi yofunika: bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, OMS, limati kuivala moyenera kumachepetsa chiopsezo chovulala ubongo mpaka ndi 74 peresenti. Mutu ukamawawa m'masiku oyambirira, paracetamol ndiye woyenera, osati aspirina, yemwe amachedwetsa magazi kuundana.

Pali zizindikiro zimene sizidikira kuti kuche, kaya kugundako kunali kwakukulu kapena kochepa: kusanza mobwerezabwereza, mutu womwe ukukulirakulira, kugona kovuta kudzutsa, kukomoka kapena kugwa ngati khunyu, kufooka mbali imodzi, kulankhula mosokonekera, ndi madzi kapena magazi otuluka m'mphuno kapena m'khutu. Wotere apite msanga ku centro de saúde yapafupi, ku Hospital Rural de Ulónguè kwa a ku Angónia, kapena ku Banco de Socorros ya chipatala cha mu mzinda wa Tete. Okalamba ndi omwe amamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi ayang'aniridwe kwambiri, chifukwa kwa iwo magazi amatha kudontha pang'onopang'ono m'chigaza n'kudzaonekera patatha milungu. Zizindikiro zikapitirira mwezi, kapena mantha akamaletsa munthu kutuluka m'nyumba ndi kukwera chapa, abwerere kuchipatala akafotokoze zonse ziwiri, mutuwo ndi manthawo.